Mkazi wa Pachulu

Kumudzi kwa akazi anga, kuseri kwa Songani, anthu ankanditchula kuti a Fomu. Dzinali sindinadzipatse ndekha. Linatuluka pakamwa pa atsibweni anga tsiku la chinkhoswe, pamene anaimirira, n'kukonza jekete yawo, n'kuuza khamu lonse kuti: "Mwana tikukupatsaniyu si wamba ayi, ndi wasukulu, wa Fomu Folo." Amayi onse analulutira. Ine ndinali pampando kutsogolo, tayi ikundikanyanga pakhosi, maso ali pa nsapato zanga. Zoona zake n'zakuti sukulu ndinaitsanzika ndili kupulayimale, chaka chimene bambo anga anamwalira, n'kukwera phiri kukacheka matabwa. Koma kodi munthu angaimirire pa chinkhoswe chake n'kutsutsa nkhoswe yake? Ndinakhala chete, ndipo dzinalo linamera mizu.

Chingerezi changa chinali chongokwanira kupereka moni ndi kutsanzika. Kwina konseko ndinkadutsa mwaukathyali. Ndinkayenda ndi nyuzipepala yopinda m'thumba la kumbuyo, mutu wake ukuonekera. Wailesi ikamawerenga nkhani za Chingerezi ndinkagwedeza mutu, nthawi zina n'kutsonya, kuti anthu aone ngati zandikhudza. Ndinalinso ndi mwayi wodabwitsa: anthu obwera ndi mapepala a Chingerezi kuti ndiwawerengere, a kuchipatala kaya ochokera kwa abale awo ku Joni, sankandipeza. Ndinkangomva mawa lake kuti kunabwera auje koma athandizidwa kale. Ndinkathokoza Mulungu, osafunsa kuti wawathandiza ndani. Akazi anga anafikako kusekondale, n'kubwerera panjira chifukwa cha fizi, koma za sukulu yawoyo sankazitchula. M'nyumba mwathu zinali zodziwika kuti wophunzira ndine.

Ntchito yanga nthawi imeneyo inali yotsitsa nkhuni za paini kuchokera kuphiri. Amene anaonapo njinga zathu zikutsika msewu wokhotakhota uja akudziwa: nkhuni mulu kupitirira mutu, mabuleki akulira, phazi likukhukhuluza pansi, iwe ukupemphera m'zinenero zonse zimene ukudziwa. Maondo anali atayamba kundilankhula. Mnzanga wina amene tinkagwira naye sowo imodzi kale anali atasiya zimenezi n'kukhala wotsogolera alendo. Ankayenda ndi azungu kuwaonetsa damu, mathithi ndi malo oonerapo chigwa, kabotolo ka madzi kali m'manja, n'kubwerera kwawo malaya ali mbee. Ndinkamusirira mpaka kupsa mtima.

Iye yekhayo ndi amene ankadziwa za sukulu yanga, poti munthu amene wacheka naye matabwa sungamunamize. Tsiku lina tinakumana pamene amayi amagulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu, ndipo anandiuza kuti gulu lawo lidzatenga anthu atsopano, koma amayamba akuyesa pokupatsa mlendo kuti uyende naye.

"Phirili mukulidziwa kuposa ine, achimwene," anatero. "Chikukusowani ndi mawu basi. Galamala asiyireni aphunzitsi. Mzungu akaloza mtengo, mumuuze dzina. Akaloza mtambo, mumuuze kuti mvula ikubwera. Mawu, achimwene, mawu."

Anandiperekeza kumsika wa m'tauni, komwe ndinagula foni ya kaunjika yong'aluka galasi pakona, ndipo iye anandiikiramo pulogalamu yophunzitsa mawu. Kagwiridwe kake kanali kosavuta. Pagalasi pamabwera chithunzi, mawu a mayi wina n'kutchula dzina la chinthucho m'Chingerezi, iwe n'kubwereza. Ukakhoza, kabelu kamalira ndipo timanyenyezi timathothoka. Ukalakwa, mayiyo amanenanso. Ukalakwanso, amanenanso, ndi mawu omwewo, ofatsa ngati a namwino wabwino. Mayi ameneyo sankatopa, sankausa moyo, ndipo koposa zonse sankaseka. Ndinamukonda chifukwa cha chimenecho.

Chovuta chinali chakuti pulogalamuyo imayambira pansi penipeni. Mphaka. Supuni. Chitseko. Zithunzi zake zinali za mitundu yowala, mphaka akumwetulira, zofanana ndendende ndi za m'buku la mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba kumene sukulu. Ine bambo wa ndevu zanga, a Fomu a mudzi wonse, kumalimbana ndi supuni! Ndinalumbira kuti munthu asadzaone. Ndinaika nambala yachinsinsi pafoni. Mahedifoni amene ndinagulira limodzi anafika khutu limodzi lili lakufa kale, ndipo linalo linadyedwa ndi tcheni cha njinga, choncho mayiyo ankalankhulira pamtunda.

Kunyumba netiweki inkabwera ngati mlendo wosakhazikika. Malo okha amene inkagwira bwino anali pachulu chachikulu, kumalire a munda wa nandolo wa apongozi anga aakazi. Chulu chimenechi chinali ndi mbiri yake. Ndi pamene anyamata ndi atsikana a m'mudzi ankakwera akafuna kuimbira zibwenzi zawo, moti munthu akangoti "wapita kuchulu", aliyense ankadziwa tanthauzo. Ine ndinkadziwanso, koma ndinati ndi za ana zimenezo, munthu wamkulu ngati ine ndani angandiganizire? Ndikaweruka kuphiri ndinkatsamiritsa njinga pakhomo, n'kunena kuti ndikukaona kumunda, n'kukakhala pachulupo mpaka bandulo kapena batire itandithera.

Ine ndi apongozi anga tinkapewana monga mwa mwambo. Chikwatirire sitinakhalepo pamphasa imodzi kapena kuyang'anana m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire n'kunjuta, moni n'kupatsana chapatali nkhope zili kumbali. Akafuna kuti ndiwafolerere nyumba, uthenga unkadzera kwa mwana wawo. Sikuti tinkadana ayi. Ankandikonda, ndipo nkhuku akapha, chiwalo changa chinkabwera m'mbale yovindikira. Kungoti pakati pathu panali mpanda wa ulemu umene mawu sankaudumpha.

Nandolo atayamba kukhwima, masana ena ndinali pachulu ndikulimbana ndi dzina la mathithi. Mawu amenewo ndinkawafuna kwambiri, poti kuphiri mlendo aliyense amafuna kukaona mathithi, koma lilime linkakana. Ndinkanong'ona kuopa odutsa, foni osandimva. Ndinaibweretsa pafupi ndi milomo, n'kufewetsa mawu, n'kunena pang'onopang'ono ngati ndikunyengerera. Mayi uja ananenanso, ine n'kubwereza, iye n'kunenanso. Kenaka kabelu kanalira. Ndinaseka ndekha ndi chisangalalo, n'kuikhumbatira foniyo pachifuwa.

Nditadzutsa mutu, ndinaona apongozi ataima pakati pa nandolo, dengu lili m'manja.

Anatembenuza nkhope msanga monga mwa nthawi zonse. Ine ndinaponya foni m'thumba n'kutsetserekera mbali ina ya chulu, monga mmene mkamwini aliyense akanachitira. Koma mayi uja sanadziwe za mwambo wathu. Anapitiriza kulankhula ali m'thumba la buluku langa, mofatsa, mokoma, ine ndikuthyola mapesi pothawa. Apongozi sakanatha kuyandikira kuti amve bwino, sakanathanso kundiitana kuti andifunse. Anaona zimene anaona ali patali, n'kupita nazo kunyumba momwemo.

Nkhani ya pamudzi simachedwa panjira. Inachoka kwa apongozi kupita kwa mng'ono wawo, kuchoka apo n'kufika pamjigo, ndipo pamene inkabwerera kwa akazi anga inali itavala kale nsapato: a Fomu ali ndi mkazi wachizungu amene anamupeza kuphiri, ndipo amakamuimbira pachulu.

Akazi anga si munthu waphokoso. Anadikira ndimalize kudya, mwana atapita kosewera, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo.

"Abambo, kodi pachulu paja mumalankhula ndi ndani?"

"Ndi za ntchito," ndinayankha.

"Ntchito yake ya nkhuni yomweyi? Nkhuni zayamba kulankhula ndi mawu a mkazi?"

"Ndati ndi za ntchito."

"Tsegulani foniyo ndione, mtima wanga ukhale pansi. Ndikangoona basi, sindidzafunsanso."

Apa mpamene ndikanathetsa zonse. Chala changa chinafika mpaka pagalasi. Koma ndinaganiza za mphaka womwetulira uja, ndinaganiza za nkhope ya akazi anga akuona mwamuna wawo wa Fomu Folo akuphunzira supuni, ndipo manyazi anasanduka ukali. Zimatero kwa ife amuna, manyazi akasowa kolowera amatulukira kukamwa ngati mkwiyo. Ndinakalipa kuti foni ya mwamuna si lichero loti aliyense azipetera, kuti ndatopa ndi mudzi wa miseche, kuti ine ndimafera kuphiri pamene anthu akungokhala n'kumandiwerenga mapazi. Akazi anga anatola mbale n'kutuluka.

Loweruka lake ndinapita kubawo pansi pa mtengo wa mango ku Songani. Ndinkayembekezera kuti andinyoza, koma ndinalandiridwa ngati wobwera ku Joni.

"A Fomu afika! Apatseni mpando. Amwene, mwakola mzungu wa kuphiri eti? Sukulu ndi yabwino, anthuni. Ife tingamuuze chiyani mzungu, ndi Chiyao chathuchi?"

Anaseka, ena n'kundigwira chanza. Ndipo ine sindinakane. Sindinavomere, koma ndinamwetulira mwa njira ina yake, n'kunena kuti, "Sewerani bawo, amwene, za eni musiye." Ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Bodza limeneli linkandikwana bwino kuposa choonadi, ngati malaya osokedwa pa thupi langa. Kutchedwa wachimasomaso kunkandipatsa ulemu pakati pa amuna anzanga, pamene kutchedwa mbuli kukanandivula. Mpaka lero ndikakumbukira kumwetulira kumene kuja, nkhope imanditentha.

Mtengo wa ulemu wangawo ankalipira ndi akazi anga. Anasiya kupita kumjigo nthawi imene amayi anzawo amapita, n'kumadikira dzuwa litenthe kuti akapezeko okha. Kumvano anajomba. Kuchigayo akafika, nkhani zinkaduka. Madzi osamba anasiya kundiikira kubafa. Kenaka tsiku lina nditatsika kuphiri ndinapeza nyumba ili zii. Iwo ndi mwana anali atasamukira kwa apongozi, ndipo kuseri kwa chitseko kunali zovala zanga zonse zitamangidwa m'chitenje, nsapato zili pamwamba.

Munthu wa chikamwini safuna womumasulira uthenga wotere. Nyumbayo njerwa zake ndinaumba ndekha, malata ndinakhoma ndekha, mapeyala a pabwalo ndinadzala ndine, koma dothi linali la eni ake. Ankhoswe akangoti banja latha, wonyamula mtolo ndine, ndipo mwana amatsala. Ndinakhala pakama n'kumauyang'ana mtolowo.

Mnzanga uja nditamufotokozera anandiyang'ana ngati ndapenga. "Achimwene, mukufuna kutaya banja chifukwa cha supuni? Pitani mukawaonetse alamu foniyo lero lomwe." Ndinati ndipita mawa. Mawa linafika, ndinatinso mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ndipo choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, n'chakuti kuchulu sindinasiye kupita. Pulogalamu ija imawerenga masiku amene sunajombe, ndipo ukadumpha limodzi chiwerengero chimagwa n'kuyambiranso. Ndinkaopa kukhumudwitsa mayi wa m'foni, pamene mayi wa m'nyumba mwanga ankagona pamphasa kwa amayi awo. Ndipo kuchokera pakhonde la apongozi, munthu wokhala pachulu amaoneka bwinobwino.

Ankhoswe anatiitanitsa m'mawa wa tsiku lina, kunyumba kwa atsibweni a akazi anga, pafupi ndi msewu waukulu. Banja la akazi anga ndi losakaniza, ena a kutchalitchi, ena a kumzikiti, ndipo atsibweni awowa ndi Msilamu wogulitsa nsalu m'tauni, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu ndi tepi. Anakhala pampando atavala mkanjo woyera ndi kofia. Atsibweni anga, omwe aja a pa chinkhoswe, anafika pa kabaza atavala jekete. Akazi anga anakhala pamphasa ndi azakhali awo, ataonda, maso ali pansi. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, moti ankamva zonse koma osaonana nane.

Mwini khomo anayamba ndi moni wautali, kenaka anati: "Sitinakuitanireni tiyi. Mbumba yanga ikulira, ndipo ine ndikufuna ndimve kuti ikuliriranji."

Akazi anga anafotokoza mwachidule. Umboni wa apongozi unadzera pakamwa pa azakhali: anaona ndi maso awo mkamwini akunong'oneza foni, akuseka, akuikhumbatira, ndipo anamva ndi makutu awo mawu a mkazi akulankhula chizungu. Atsibweni anga anaimirira kuti anditeteze, ndipo ananditsirizira kundikwirira.

"Akuluakulu, musaiwale kuti mwana wathuyu ndi wasukulu. Munthu wa Fomu Folo amakhala ndi anzake a mitundu yonse. Akamayankhula chizungu ndi mzungu, ife osaphunzira tisamafulumire kuganiza zoipa."

"Zikomo," anayankha mwini khomo. "Ngati ndi mnzawo chabe, palibe chovuta. Kuno netiweki ndi yambiri. Foniyo ibwere apa pamphasa, awaimbire mayiwo, tiwapatse moni, tiwafunsenso ngati akudziwa kuti bambowa ali pabanja. Mapanga awiri avumbwitsa. Akakana kutsegula, ndiye kuti atiyankha kale, mtolo wawo ndi womangamanga."

Ndinene zoona, ndinaganizirapo zokana. Ndikanatha kuimirira, kutenga mtolo wanga, n'kuchoka m'mudzimo ndili a Fomu, mwamuna amene anakola mzungu. Ganizo limenelo linakhala m'mutu mwanga nthawi yokwanira kuti ndilione bwinobwino. Kenaka maso anga anagwera pa manja a akazi anga. Ankapotokola ngodya ya chitenje chawo, kupotokola, kumasula, kupotokolanso, monga ankachitira usana umene mwana wathu anagonekedwa kuchipatala ndi malungo. Ndinatulutsa foni, ndinaitsegula, ndinakhudza pulogalamu ija, n'kuiika pamphasa.

Tsoka ilo, tsiku limenelo inayamba ndi kubwereza mawu akale. Pagalasi panabwera mbuzi yoyera, yonenepa, ikumwetulira, ndipo mayi uja ananena momveka bwino kuti: "Goat."

Mwini khomo anakonza magalasi, n'kuweramira pamphasa mwaulemu wonse. "Mayi, muli bwanji kumeneko? Ine ndine nkhoswe ya kuchikazi. Ndimati tidziwane."

"Goat," anatero mayiyo.

Munthu wogulitsa nsalu m'tauni Chingerezi chotere amachimva. Anadzuka pang'ono. "Akuti mbuzi ndani?" Anaitola foniyo, n'kuiyang'ana chapafupi, n'kuiyang'ana chapatali. Anakhudza pagalasi, mbuzi inachoka, panabwera supuni. Anakhudzanso, panabwera mphaka uja. Ndinaona mapewa awo akuyamba kugwedezeka, kenaka anaphulika kuseka mpaka kofia kugwa. Azakhali anasuzumira n'kugwira nthiti. Kuseri kwa mpanda apongozi anafunsa kuti kwachitika chiyani, ndipo azakhali anakuwa, misozi ili mbwembwembwe: "Alamu, si munthu ayi! Ndi sukulu ya m'foni! Ya ana a mkaka!"

Atsibweni anga anayesabe. "Akungokumbutsira, akuluakulu. Munthu wophunzira amakumbutsira."

"Atsibweni, basi," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Fomu ine sindinaiponde. Ndinalekezera kupulayimale. Chingerezi sindichidziwa, ndiye ndimaphunzira kuti mwina andilembe ntchito yoyenda ndi alendo kuphiri. Ndimaopa kuti anthu andiseka."

Ndinati zyoli. Ndinkaganiza kuti pamenepo ndafika pansi penipeni pa manyazi, kuti kunsi kwake kulibenso kwina. Koma pakati pa kuseka konseko panali munthu mmodzi amene sanaseke.

"Atsibweni, ndilankhuleko?" anatero akazi anga.

Onse anatembenukira kwa iwo.

"Zoti abambowa Chingerezi sachidziwa, ine ndinazidziwa mwezi woyamba wa banja lathu. Tinapita kukaonera kanema wachizungu pa Songani pompa, iwo ankaseka anzawo atamaliza kale kuseka. Sindinawafunse. Ndinati mwamuna wanga ndi wolimbikira ntchito, sandimenya, Chingerezi sitidya. Anthu akabwera ndi mapepala, ndinkawauza kuti abambo ali kuphiri, pamene ali kuchipinda akupuma. Anthuwo ndinkawatengera kuseri kwa nyumba n'kuwawerengera ndekha, n'kuwauza kuti anandiphunzitsa ndi abambo. Zaka zonsezi manyazi awo ndakhala ndikuwafunditsa chitenje changa. Koma anga manyazi iwo anawasiya pamtetete. Ankaona ndikupita kumjigo dzuwa lili pamutu. Ankaona. Anasankha kuti ine ndikhale mkazi wolandidwa mwamuna, kusiyana n'kuti iwo akhale mwamuna wosadziwa dzina la mbuzi."

Anapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje ija.

"Mukuseka poti mayiyo si munthu, ndiye mukuti mlandu palibe. Ine ndikuti ulipo. Chimene ankakapempha kwa mayi wa pachuluyo, m'nyumba mwawo chinalimo. Sanandifunse."

Palibe anasekanso. Mwayi wanga uja, wa anthu a mapepala amene sankandipeza, unandibwerera wonse nthawi imodzi, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika. Mwini khomo anatola kofia yake, n'kuikuntha pabondo, n'kunena motsitsa kuti manyazi anapha lambe. Anagamula kuti chigololo palibe, banja lilipo, mtolo umasulidwe, ndipo ine ndipereke nkhuku yopepesera kwa akazi anga ndi ina kwa apongozi amene ndinawayendetsa mtima. Atsibweni anga anakwera kabaza osanditsanzika bwino.

Ankhoswe amatha kumasula mtolo, koma pali zina zimene samasula. Akazi anga anabwerera kunyumba ndi mwana. Madzi anayambanso kupezeka kubafa, koma ndinkangowapeza, popanda mawu aja akuti "abambo, madzi ali kubafa". Tinkalankhula za mchere, za sopo, za yunifolomu ya mwana, n'kuthera pomwepo. Kunja dzina la a Fomu linafa tsiku lomwelo. Kubawo, amuna omwe aja ankandigwira chanza anayamba kulira ngati mbuzi ndikamafika. Zinkandiwawa, koma zimenezo ndinkatha kuzisenza, nkhuni za kuphiri zimalemera kuposa pamenepo. Chimene chinkandilemera chinali bata la m'nyumba.

Kuchulu ndinasiya kupita, ndipo chiwerengero cha masiku chija chinagwa. Foni inakhala pawindo, ikuchita fumbi. Mnzanga uja ankandikumbutsa kuti nthawi yoyesedwa ikuyandikira, ine n'kumangoti ndamva.

Masana ena, Lamulungu, titabwera kutchalitchi, ndinaitenga foniyo n'kukhala nayo pakhonde, poyera, pamene aliyense wodutsa panjira akanandiona. Ndinakweza mawu mpaka kumapeto. Akazi anga anali chapafupi pamphasa, atandifulatira, akusenda nandolo m'lichero. Ndinadutsa mbuzi, ndinadutsa supuni, ndinadutsa mathithi, ndikubwereza mokweza ngati mwana wa sukulu. Iwo sanacheuke. Kenaka panabwera chithunzi cha gulugufe, chinthu chimene alendo a kuphiri amakonda kuloza, ndipo pomwepo netiweki inathawa. Dzina lake linali litalembedwa pansi pa chithunzi, lalitali, koma mayi uja sanalitchule. Kagudumu kankangozungulira pagalasi.

Ndikanatha kudikira. Ndikanathanso kunyamuka n'kupita kuchulu, sipatali. Ndinakhala pamenepo ndikumva nandolo akugwera m'lichero mmodzimmodzi. Pa moyo wanga ndatsitsapo njinga yopanda mabuleki pa phiri lija, koma sindinachitepo mantha ngati amene ndinachita pofuna kutsegula pakamwa tsiku limenelo.

"Mayi ake mwana," ndinatero. "Mawu awa akundivuta. Mungandiuzeko?"

Nandolo anapitiriza kugwa. Ndinaganiza kuti sandiyankha, ndipo sindikanawaimba mlandu. Kenaka anapukuta manja pachitenje, osacheuka, n'kutambasula dzanja chakumbuyo.

"Bweretsani kuno."

Ndinatsika pakhonde n'kukhala pamphasa. Anayang'ana pagalasi long'aluka lija, n'kutchula mawuwo kamodzi, mosavuta, ngati akutchula dzina la mwana wa mnzawo. Ndinayesa kubwereza. Chimene chinatuluka pakamwa panga sichinali Chingerezi, sichinali Chinyanja, kaya chinali chiyani. Akazi anga analuma mlomo. Anayesa kudzigwira, mapewa n'kuwakanika, ndipo anaseka. Anaseka mpaka lichero kupendekeka, nandolo kumwazika pamphasa, nkhuku n'kuthamangira. Mayi wa pachulu uja sanandisekepo ngakhale kamodzi, ndipo ndinkayesa kuti chimenecho ndicho chikondi. Ndinakhala pamenepo nkhope ikutentha, ndikutola nandolo, ndikumvera kuseka kumene ndinakuthawa zaka zonse zija, ndipo sindinafune kuti kuthe.

"Iii, abambo inu," anatero akupukuta misozi. "Lilime limenelo ndi la matabwa. Tanenaninso."

Ndinanenanso.